Chithunzi cha M'mutu mwa Latifu

Tsiku limenelo ndinayambira kumjigo, chifukwa mwezi wa Okutobala kwathu kuno kwa Kawinga ukachedwa umapeza mzere wa zigubu wafika kumsewu. Nditabwerako ndinasesa pabwalo, ndinamasula mbuzi, ndinatsuka mbale zadzulo, n'kumusambitsa Kulusumu, mwana wanga, amene akaona madzi amalira ngati ndikumusenda khungu. Ndinamupatsa phala, ndinaviika zovala, kenako ndinatenga khasu kukagalauza mizere ingapo dzuwa lisanalusire. Pobwerera ndinatola nkhuni. Ndinali ndisanakhale pansi n'komwe pamene amayi anandiitana pakhonde, pomwe ankasenda chinangwa.

"Ilham, wamva za mkamwini wathu uja?"

"Atani?"

"Dzulo potuluka ku Juma, mapemphero a Lachisanu, pa Ntaja akuti amayenda dzandidzandi ngati wochokera kokachasu. Mpaka anagwera pa tomato wa eni ake. Pomuyankhulitsa, lilime likulemera. Msika wonse waona."

"A Latifu samwa mowa."

"Inenso sindinawaone akumwa. Koma mjomba wako, mchimwene wanga uja, wamva, ndipo akuti mwana wa mlongo wake sangamupereke kwa munthu wolowa mumzikiti ataledzera. Waitanitsa ankhoswe."

Latifu ndi wa kwa Kalembo, ku Balaka, kutsidya kwa Shire. Tinadziwana pamsika wa Ntaja pomwepo, iye akugula nandolo. Anali atanditomera kale, ankhoswe ake atabweretsa nsalu ndi mpango, ndipo nikahi, ukwati wachisilamu, inali yoti imangidwe mvula isanagwe kuti adzalowe pamudzi pathu n'kulima munda wa amayi monga amachitira mkamwini aliyense. Mwamuna wanga woyamba anapita ku Joni ndili ndi pakati, talaka, mawu ondisudzula, n'kunditumizira pafoni. Sukulu ndinasiyira folomu wani chifukwa cha yemweyo. Ndiye ine nkhani za amuna sindizimvera mumtima mokha. Ndimaziika pasikelo ngati mpunga.

Ndikuchapa, foni inalira. Anali Abdulrazak, mwini chigayo pa Ntaja, amene ali ndi mkazi kale koma wakhala akundifuna kuti ndikhale wachiwiri.

"Pepa ndi manyazi akugwerawa," analemba choncho. "Ndinalipo, ndinamudzutsa ndi manja anga. Za fungo sindinena. Khomo langa likadali lotsegula."

Ndinapukuta dzanja pachitenje n'kumuyankha: "Litsekeni, mukulowa fumbi."

* * *

M'mawa mwake ndinakumana ndi Latifu ku Liwonde, popeza ndi pakati pa kwathu ndi kwawo. Ndinamupeza pansi pa mtengo kuseri kwa depoti, atagunditsa botolo la madzi ozizira pakhosi.

"Asalamu alaikumu, make Kulu."

"Wa alaikumu salamu. Taimirirani muyende ndikuoneni."

Anaseka. "Wabwera kudzagula ng'ombe?"

"Ndabwera kudzaona ngati anandinamiza ndi chidakwa."

Kuseka kunathera pomwepo. Anaimirira, anayenda mpaka pamene panali njinga za kabaza n'kubwerera. Ankayenda bwino, kungoti phazi lamanzere linkakhula pansi pang'ono, ngati patapata wamukulira.

"Bwera undinunkhize," anatero.

"Fungo la dzana silidikira munthu. Ndiuzeni zoona, a Latifu. Ine ndinanamizidwapo kale, ndinakhuta."

Anakhala pansi. Kenako anayamba kufotokoza. Chaka chatha diso lakumanja linachita chifunga, kwa milungu ingapo ankaona ngati ali mu utsi, kenako linayera lokha. Patapita miyezi dzanja linachita dzanzi, nalonso linasiya lokha. Tsopano ndi miyendo: kukatentha imalemera ngati akuyenda m'matope a m'dambo, ndipo lilime nalo limakana. Anayezetsa malungo, shuga, magazi, zonse zili bwino. Anamwa kombe, madzi a mapemphero a ashehe, anamwa mizu ya agogo ena a ku Ulongwe. Potsiriza adokotala a ku boma anamutumiza kuchipatala chachikulu ku Blantyre kuti akamujambule m'mutu.

"Anandilowetsa m'makina ngati paipi ya kalavati," anatero. "Phokoso lake kuposa chigayo cha bwenzi lako lija."

"Musamutchule bwenzi langa. Ndiye anapeza chiyani?"

"Zotsatira ndikatenga Lachitatu."

"Mumadikira kuti mundiuze liti? Nikahi itamangidwa?"

"Ndimadikira kuti ndichire kaye, ndidzakuuze ngati nkhani yakale."

Ndinafuna kumukalipira, koma dzanja limene linagwira botolo linkanjenjemera, ndipo iye ankayesetsa kulibisa ndi bondo.

"Lachitatu tipitira limodzi," ndinatero.

"Anthu anena chiyani? Sitinakwatirane."

"Akunena kale kuti ndinu chidakwa. Kwatsala chiyani?"

* * *

Adokotala anali mayi, dzina lawo a Martina, olankhula mosathamanga ngati munthu wozolowera kupereka nkhani zoipa.

"Awa ndi akazi anu?" anafunsa.

"Atsala pang'ono," anayankha Latifu.

Anatulutsa mapepala akuda a pulasitiki m'chienvelopu chachikulu n'kuwapachika pabokosi lowala pakhoma. Ndinaona mutu wa munthu utadulidwa magawomagawo ngati dzungu. M'kati mwake munali timawanga toyera, tomwazika ngati mpunga wotayikira pansi.

"Matenda anu dzina lake ndi multiple sclerosis, timangoti MS," anatero. "Kuno sitiwaona kawirikawiri, n'chifukwa chake mwazungulira chonchi. Mitsempha ya muubongo ndi ya mumsana ili ngati waya wamagetsi, imakhala yokutidwa. Thupi lanu lomwe layamba kudya chokutiracho. Pamene ladya pamatsala chipsera. Mawanga mukuwaonawa ndi zipserazo."

"Si mowa?" anafunsa Latifu.

"Iyayi. Si mowa, si kachilombo, ndipo simungapatsire munthu."

Latifu anatulutsa mpweya, n'kundiyang'ana ngati mwana amene wakhoza mayeso. Ine maso anga anali pa chala cha adokotala, chifukwa chinali chisanachoke pachithunzi. Chinatsika kuchoka m'mutu kufika m'khosi, pomwe panali mawanga ena ataliatali.

"Adokotala," ndinatero, "ine sukulu sindinapite nayo patali, ndiye mundiuze molunjika. Munthuyu adzalima?"

"Chaka chino mwina, m'mamawa kukadali kozizira. Kutentha kumawonjezera vutoli."

"Nanga mwana wanga, amene panopa sanayambe sukulu, akadzafika kusekondale, munthuyu adzakhala akulimabe?"

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana Latifu. "Mukufuna ndiyankhe awa ali pompano?"

"Yankhani."

"Chithunzichi sichitchula tsiku, ndipo sichilonjeza. Koma madokotala anatsatira odwala ambiri kwa zaka zambiri, akuyerekeza chithunzi choyamba cha munthu ndi mmene anadzakhalira pambuyo pake. Amene ali ndi mawanga ochepa, muubongo mokha, ambiri amakalamba akuyenda okha. Amene ali ndi ambiri, makamaka akafika mumsana ngati awa, ndi amene kawirikawiri pakatha zaka khumi kapena khumi ndi zisanu amafuna ndodo, ena njinga ya olumala. Si onse. Koma chithunzi chanu chili m'gulu lachiwirili, sindikubisirani."

"Mankhwala?" ndinafunsa.

"Ochepetsa ukali matenda akabuka tili nawo. Ochedwetsa matendawo alipo padziko, koma ndi odula ndipo kuno kuwapeza n'kovuta. Ndiyesetsa kufufuza. Ochiritsiratu palibe. Mudzabwerenso tidzajambule, tione ngati mawanga akuwonjezeka."

Ndinayang'ana Latifu. Ndinkaganiza kuti akumeza za ndodo zija. Koma atatsegula pakamwa anafunsa china.

"Chithunzichi ndingapite nacho kunyumba?"

"Ndi chanu. Musachipinde, musachinyowetse."

Anachinyamula ndi manja awiri ngati satifiketi.

* * *

Tinakwera minibasi yobwerera kudzera ku Zomba. Latifu anafungatira chienvelopu pachifuwa, ndipo kondakitala atafuna kuchiika kumbuyo ndi matumba anakana mwaukali. Titatsika ku Liwonde, pomwe njira zathu zimasiyana, ndinamukokera pamthunzi wa sitolo ina.

"Ankhoswe akakumana Lamulungu, chimenechi musabwere nacho."

"Bwanji? Ndi mboni yanga imeneyi. Amjomba ako aone okha kuti sindimwa."

"Mukawauze kuti munamwa."

Anandiyang'ana ngati ndamulavulira.

"Kamodzi kokha," ndinapitiriza. "Anzanu anakunamizani kuti ndi thobwa. Mwalapa, simudzabwerezanso. Amjomba akalipa, akuchititsani manyazi, mwina akuuzani kuti mukaonekere kwa ashehe. Mwezi usanathe akhululuka. Munthu womwa amamuyembekezera kuti asiya. Koma mukawaonetsa mawangawo, ayembekezera chiyani?"

"Ndivomere haramu imene sindinachite? Mayi anga ku Kalembo sakupitanso kumjigo chifukwa cha manyazi. Ana amene ndimawaphunzitsa ku madrasa akundiyeseza kuyenda. Ndiye ndikaime pamaso pa akulu n'kunena kuti Abdulrazak ananena zoona?"

"Amjomba sakufuna dzina lanu, a Latifu. Akufuna khasu. Mkamwini kwathu amabwera kudzalima."

"Ndiye ndilowe pamudzi panu ndi bodza? Tsiku limene ndidzagwere m'munda, adzati chiyani?"

"Tsiku limenelo mudzakhala muli mwamuna wanga. Kuchotsa munthu ali m'nyumba n'kovuta kuposa kumutsekera ali panja."

Anapukusa mutu. Minibasi ya ku Ulongwe inkaitanira anthu, koma sanasunthe.

"Nanga iweyo?" anafunsa motsitsa mawu. "Wamva zimene anena adokotala. Ukundifunabe chifukwa chiyani? Chisoni?"

"Chisoni ndilibe nacho nthawi. Ndaganiza njira yonseyi. Kulima ndimalima kale ndekha. Inu masamu mumawatha, anthu amakukhulupirirani, mungathe kukhala paokala n'kumagulitsa mutakhala pansi. Kulusumu amakutchulani ababa popanda womuuza. Zaka khumi ndi zambiri. Woyamba uja anali ndi miyendo yabwinobwino, koma sanakwanitse ngakhale chaka chimodzi."

Maso ake anafiira. Anagwira nsonga ya mpango wanga, n'kuisiya msanga anthu asanaone.

"Ndikaganiza," anatero.

Ndinamuona akukwera minibasi, akukweza phazi lamanzere ndi dzanja. Chienvelopu sanachisiye pansi.

* * *

Loweruka masana Abdulrazak anafika panjinga yamoto, atamangirira paketi ya shuga ndi botolo la mafuta ophikira. Anati akudzazonda amjomba, Che Zubairu, amene bondo limawavuta. Amjomba ndi achimwene a amayi, ndipo chichokereni bambo anga ndi iwo amene amayang'anira mbumba yathu yonse. Anandituma kuti ndibweretse madzi akumwa.

Nditagwada kupereka kapu, Abdulrazak anadikira kuti amjomba atembenukire kwa mbuzi imene inalowa m'nkhokwe.

"Ndamva munapita ku Blantyre," ananong'ona. "Kumeneko amachiza kachasu?"

"Amachiza mabodza. Ndikulembetseni?"

Anamwetulira. "Pakamwa pakopo m'pamene pamandisangalatsa. Tandiuza, Ilham, munthu wogula nandolo ndi ndowa akupatsa chiyani? Ine Kulusumu ndingamuphunzitse mpaka kuyunivesite."

"Yambani ndi ana anu. Wamkulu uja ndimamuona akugulitsa zibwente nthawi ya sukulu."

Anamwa madzi onse, n'kundibwezera kapu ataigwirabe, kuti ndichite kuikoka.

"Ine sindithamanga," anatero. "Munthu amene akudzandira amagwa yekha."

Madzulo ake ndinamulembera Latifu: "Mwaganiza?" Uthenga unaonetsa kuti wawerengedwa. Yankho silinabwere.

* * *

Lamulungu Latifu anafika dzuwa litakwera, iye ndi nkhoswe yake, amalume ake aatali ovala kanzu yoyera. Ndinawaonera patali ndili kuseri kwa nyumba. Chienvelopu chinali m'khwapa mwa amalumewo.

Amuna anakhala pamipando pansi pa mtengo wa mango. Ine ndi amayi tinakhala pamkeka chapambali, Kulusumu ali pamiyendo panga. Atatha malonje, amjomba anayamba.

"Sitinakuitanireni zabwino. Ife tinalandira nsalu zanu ndi mtima umodzi. Koma zimene zinaoneka pa Ntaja zatichititsa manyazi."

Amalume a Latifu anakhosomola mwaulemu. "Che Zubairu, paja pamene tinkatomera munati ana akayezetse magazi, ndipo tinabweretsa zotsatira, inu munaziona n'kukhutira. Leronso sitinabwere ndi pakamwa pokha. Mwana wathu wayezedwa ndi makina aakulu ku Blantyre. Onani nokha."

Anatulutsa pepala lakuda lija monyadira, ngati mmene anatulutsira la magazi. Kwa iwo zinali zofanana: chipatala chayeza, munthu wapezeka wosalakwa, ukwati upitirire. Ndinayang'ana Latifu. Iye ankayang'ana pansi.

Amjomba anapukuta manja pamalaya, anatenga pepalalo n'kulikweza kudzuwa. Analitembenuza, analiyandikitsa, analitalikitsa.

"Uwu ndi mutu wa munthu?"

"Ndi wanga," anatero Latifu.

"Nanga toyeratu?"

"Ndi zipsera za m'mitsempha. Ndi zimene zimandidzandiritsa kukatentha. Adokotala anena kuti si mowa. Ine mowa sindinaulawepo chibadwire, Allah ndi mboni."

Amjomba anatsitsa pepala. Kenako anatambasula dzanja n'kugwira la Latifu.

"Mwana wanga, takulakwira. Ndinamvera za pamsika. Lachisanu ndikaima ndekha pakhomo la mzikiti n'kunena kuti Latifu wa kwa Kalembo anamunamizira."

Amayi anati alhamdulillah chapansipansi. Nkhope ya Latifu inawala mmene sindinaionerepo. Kwa kanthawi ndinaganiza kuti mwina ndine ndinalakwitsa, mwina zithera pomwepo.

"Ndiye mankhwala akupatsani?" anafunsa amjomba, akubweza pepala m'chienvelopu. "Achira liti? Chifukwa mvula ili pafupi, ndipo munda wakumtunda sunagalauzidwe."

 Amalume a Latifu anatembenukira kwa mwana wa mlongo wawoyo, ndipo apo ndinazindikira kuti nawonso anali asanauzidwe zonse.

"Ilham," anatero amjomba, "paja iwe unali komweko. Adokotala anati chiyani?"

"Anati chithunzi sichitchula tsiku, amjomba. Anati adzapitenso akajambulidwe. Anatinso afufuza mankhwala."

Zonsezo zinali zoona. Ndinamuyang'anitsitsa Latifu kuti asiyire pomwepo.

"Ananenanso zina," anatero Latifu.

"A Latifu," ndinatero.

"Iyayi, Ilham. Andipepesa pamaso pa anthu. Sindingawabweze ndi theka la zoona." Anatembenukira kwa amjomba. "Matendawa sachira. Amabwera n'kupita, koma akapita amasiya chipsera. Adokotala anati anthu amene chithunzi chawo chili ngati changachi, ambiri pakatha zaka khumi kapena kuposerapo amayenda ndi ndodo. Ena sayendanso. Si onse, koma ambiri. Kulima padzuwa sindingalonjeze ngakhale chaka chino."

Kulusumu anatsika pamiyendo panga n'kupita kukatsamira bondo la Latifu, monga amachitira nthawi zonse. Palibe anamuletsa.

Amjomba sanakalipe. Bola akanakalipa. Anasisita bondo lawo lodwala lija nthawi yaitali.

"Ndiwe munthu wabwino," anatero. "Wina akanabisa. Koma taona pamudzi pano. Ine ndatha. Mlongo wangayu akawerama pang'ono mutu umazungulira. Anyamata onse ali ku Joni. Tinkayembekezera mkamwini kuti atipepuze, osati kuti Ilham anyamule mayi ake, mwana wake, ndi mwamuna wake pamsana umodzi. Makina anenawo sindingatsutsane nawo, ine ndi wa sitandade fayifi."

"Makinawo sananene kuti n'zotsimikizika, amjomba," ndinatero.

"Mbewu akakuuza kuti zambiri sizimera, umadzala munda wonse?"

Anauza amayi kuti akatenge nsalu ndi mpango za chitomero. Amayi analowa m'nyumba akupukuta maso, n'kutuluka nazo zili chipindire. Amalume a Latifu anazilandira. Anaziika pamwamba pa chienvelopu, n'kuimirira.

Dzuwa linali litafika pamutu. Latifu poimirira mwendo unakana, anagwira mpando. Anayenda kutuluka pabwalo akudzandira pang'ono, ndipo ulendo uno aliyense ankadziwa chifukwa chake.

* * *

Ndinawathamangira mpaka pamphambano. Amalume aja anapitirira pang'ono kuti atipatse mpata.

"Mwakhutira?" ndinamufunsa. "Dzina lanu layera. Mukalifunde usiku."

"Ukanakonda ndikhale mwamuna wako wabodza?"

"Ndikanakonda mukhale mwamuna wanga."

 Anatsamira mtengo, thukuta likutsika m'khosi.

"Ngati pamudzi pathu sakukufunani, ine ndibwera kwa Kalembo," ndinatero. "Chitengwa sichinayambe ndi ine. Mayi anu andilandira?"

"Akulandira. Koma uganize bwino, Ilham. Usadzandiyang'ane tsiku lina ukundisambitsa n'kumati ndinakubera moyo."

"Zoganiza ndinamaliza m'minibasi. Pitani, mukakhale pamthunzi."

* * *

Ndinawapeza amjomba akadali pansi pa mango, akusenga ndodo yawo ndi mpeni. Ndinagwada n'kuwauza zimene ndatsimikiza.

"Ndiwe wamkulu," anatero osakweza mutu. "Unakwatiwapo kale, sindingakumange chingwe. Ukafuna kupita, nikahi ndikuvomereza, sindikufuna ukakhale m'chigololo. Koma ukapita wekha."

"Ndekha bwanji?"

"Kulusumu ndi wa mbumba ino. Kwawo ndi kuno, munda wake uli kuno. Sindilola kuti akakulire pamudzi pa eni, akutunga madzi osambitsira munthu amene si bambo ake, n'kudzasiya sukulu ngati iwe kuti azikankha njinga ya wodwala."

"Ndi mwana wanga, amjomba."

"Ndi mdzukulu wa mlongo wanga. Funsa mayi ako ngati akuganiza zosiyana."

Ndinatembenukira kwa amayi. Anali atamubereka Kulusumu kumbuyo, chinthu chimene anasiya kalekale chifukwa cha chizungulire chawo, ndipo anamanga chitenje mfundo ziwiri. Sanandiyang'ane.

"China," anatero amjomba. "Abdulrazak wapempha kutumiza ankhoswe ake Loweruka. Sindinamuyankhe. Ndikufuna mawu ako Lachisanu ndikatuluka ku Juma, kuti ndidziwe chomuuza."

"Munthu yemwe ananama uja?"

"Ananama, inde. Koma amayenda."

* * *

Kuti alowe m'makina aja ndi kuyenda maulendo a ku Blantyre, Latifu anagulitsa mbuzi zake zonse ndi njinga imene ankanyamulira nandolo. Ine ndinagulitsa thumba la mpunga limene ndinasungira chakudya cha pa nikahi, kuti tikatenge zotsatira. Tinagula pepala lakuda limodzi. Pepalalo lamubwezera dzina: Lachisanu amjomba akaima pakhomo la mzikiti, ndipo mayi ake ayambiranso kupita kumjigo. Latichotsera chitomero, latichotsera nyumba imene tinayamba kuumbira njerwa kuseri kwa nyumba ya amayi, ndipo amayi anga sakundiyankhula kupatula za mchere ndi nkhuni. Mwendo wake silinauchiritse.

Sindinamalize kulipira. Chatsala ndi kupereka mmodzi mwa awiri, Latifu kapena Kulusumu, ndipo lero ndi Lachitatu.